Kuonana pa vidiyo pamene wina ali pa Windows, wina pa Mac, wina pa Linux

Anthu ambiri akamva kuti mnzawo ali ndi Mac pamene iwo ali ndi kompyuta ya Windows, amayamba kale kukayika ngati zitheke kuonana pa vidiyo. Akamva kuti winayo ali pa Linux ndiye amangotayiratu mtima. Kukayikaku kuli ndi pochokera, chifukwa kale mapulogalamu ambiri ankagwira mbali imodzi yokha. FaceTime, imene Apple inatulutsa mu 2010, inatha zaka zoposa khumi ikugwira pa zipangizo za Apple zokha. Koma zinthu zinasintha, ndipo mfundo yoti muigwiritsitse ndi iyi: sisitimu yoyendetsa kompyuta si imene imalumikiza anthu awiri. Chowalumikiza ndi pulogalamu imene onse alowamo. Ndipo pali pulogalamu imodzi imene ilipo kale pa Windows, macOS, Linux ngakhalenso pa ChromeOS ya mu Chromebook: bulawuza, ija mumatsegulira mawebusaiti.

Chimene chinatheketsa zimenezi ndi luso lotchedwa WebRTC. Google inalipereka poyera mu 2011 kuti aliyense aligwiritse ntchito, ndipo mu Januwale 2021 mabungwe a W3C ndi IETF, amene amakhazikitsa miyezo ya kayendedwe ka intaneti, analivomereza kuti likhale la onse. Chrome, Firefox, Edge ndi Safari, mabulawuza onsewa ali nalo mkati. Ndiye kuti bulawuza yanu imatha kutenga chithunzi cha kamera ndi mawu a maikolofoni n'kuzitumiza kwa mnzanu popanda kuikamo china chilichonse, ndipo zilibe kanthu kuti iyeyo akulandirira pa kompyuta yamtundu wanji.

1. Funsanani kaye

Musanatsitse pulogalamu iliyonse, mufunseni mnzanuyo zinthu zitatu. Kompyuta yake ili ndi sisitimu yanji? Amagwiritsa ntchito bulawuza iti? Nanga amaloledwa kuika mapulogalamu atsopano pakompyutapo? Funso lachitatuli ndi limene anthu amaliiwala. Makompyuta a kuntchito ndi a kusukulu kawirikawiri amakhala okhomedwa, moti munthu sangaikemo kanthu popanda pasiwedi ya amene amawayang'anira. Akakuuzani kuti saloledwa, musavutikenso n'kuganiza zina, njira yanu ndi ya bulawuza basi.

Funsaninso za msinkhu wa kompyutayo. Chrome yomaliza kugwira pa Windows 7 ndi 8.1 inali Chrome 109, ya mu Januwale 2023, ndipo mawebusaiti a vidiyo amasiya pang'onopang'ono kugwirizana ndi mabulawuza amene anasiya kukonzedwa. Amene ali ndi kompyuta yotereyi ndi bwino angolowa pa foni.

2. Sankhani pokumanira

Apa ndi pamene pagona ntchito yonse, ndiye tifatsepo.

Google Meet imagwira mu bulawuza ndipo simufunika kuika kalikonse. Woyambitsa msonkhano ayenera kukhala ndi akaunti ya Google. Pa akaunti yaulere, anthu awiri akhoza kucheza mpaka maola 24, koma mukakhala atatu kapena kuposa, msonkhano umaduka pakatha mphindi 60.

Jitsi Meet, imene imapezeka pa meet.jit.si, nayonso ndi ya mu bulawuza. Ndi pulogalamu imene kapangidwe kake kali poyera, aliyense akhoza kukaona mmene inalembedwera, n'chifukwa chake anthu a Linux amaikonda. Kuyambira mu Ogasiti 2023, woyambitsa chipinda amayenera kulowa ndi akaunti, monga ya Google kapena ya GitHub, koma olowa enawo amangotsegula linki. Chenjerani ndi dzina la chipindacho. Mukachitcha "msonkhano" kapena "banja", wina aliyense padziko lapansi amene angalembe dzina lomwelo adzapezeka ali mkati mwa msonkhano wanu. Lembani dzina lalitali losakaniza mawu ndi manambala, kapena tengani limene Jitsi yakupangirani yokha.

Zoom ili ndi pulogalamu yake pa masisitimu onse atatu. Linux ili ndi mitundu ingapo: wa Ubuntu kapena Linux Mint atsitse fayilo yothera ndi .deb, wa Fedora atsitse yothera ndi .rpm, ndipo zonsezi azitenge pa webusaiti ya Zoom yeniyeniyo, osati pa mawebusaiti ongotolera mapulogalamu. Akaunti yaulere imapereka mphindi 40. Amene sangathe kuika pulogalamuyi ayang'ane m'munsi mwa tsamba limene linki yatsegula, pamakhala timawu ting'onoting'ono takuti Join from your browser.

Microsoft Teams ili ndi pulogalamu ya Windows ndi ya Mac. Ya Linux inasiyidwa mu Disembala 2022, choncho wa Linux alowe kudzera mu Chrome kapena Edge. Mukapeza malangizo akale okuuzani kuti mugwiritse ntchito Skype, adutseni: Microsoft inaitseka pa 5 Meyi 2025, itatumikira anthu kuyambira 2003.

Signal ndi Telegram ali ndi mapulogalamu a pakompyuta pa Windows, Mac ndi Linux, ndipo onse amaimba vidiyo. Signal imafuna kuti muyambe mwaiika pa foni, kenako mulumikize kompyutayo pojambula kachizindikiro ka QR kamene kaoneke pa sikirini. Ubwino wake ndi wakuti zokambirana zimabisidwa kuchokera kwa inu mpaka kwa mnzanuyo, moti ngakhale eni pulogalamuyo sangazimve. WhatsApp ili ndi pulogalamu ya Windows ndi ya Mac, koma ya Linux kulibe.

Nanga FaceTime? Kuyambira 2021, pamene kunabwera macOS Monterey, munthu wa Mac akhoza kutsegula FaceTime, n'kudina Create Link, n'kutumiza linkiyo kwa mnzake wa Windows. Winayo amaitsegula mu Chrome kapena Edge, n'kulemba dzina lake, n'kudikira kuti amulowetse. Koma iyeyo sangayambitse kuimbako, nthawi zonse azidikira wa Apple. Komanso Apple imangotchula Windows ndi Android, ndiye ngati pagulu panu pali wa Linux musaidalire.

Maganizo anga ndi awa. Ngati mukukumana kamodzi kokha, kapena ngati pali anthu amene sazolowera zamakompyuta, tengani Meet kapena Jitsi, chifukwa chilichonse chofuna kutsitsa ndi kuika chimawonjezera malo amene munthu angakodwepo. Ngati ndi anthu awiri kapena atatu omwe muzilankhulana sabata ndi sabata nkhani zanu zam'kati, ndi bwino kutaya mphindi khumi tsiku limodzi n'kuika Signal mbali zonse.

3. Yesani kamera musanalowe pa intaneti n'komwe

Sisitimu iliyonse ili ndi kapulogalamu koonera kamera. Pa Windows ndi Camera, pa Mac ndi Photo Booth, pa Linux nthawi zambiri ndi Cheese kapena Camera. Katseguleni. Mukadziona, ndiye kuti kamera ili bwino, ndipo vuto lililonse limene lingabwere kutsogolo si la kamerayo. Mukatero katsekeni, chifukwa pa makompyuta ambiri kamera ikagwidwa ndi pulogalamu imodzi, ina singaigwiritsenso ntchito.

Mukaona mdima wokhawokha, yang'anani kaye pamwamba pa sikirini. Malaputopu ambiri amakono ali ndi kachitseko kakang'ono kotsetsereka kamene kamaphimba diso la kamera, ndipo ena ali ndi batani lozimitsira kamera pamzere wapamwamba wa kiyibodi. Ndinakhalapo nthawi yaitali ndikuthandiza munthu wachikulire amene anakhumudwa kwambiri kuti mdzukulu wake sakumuona. Tinafufuza paliponse m'kompyutamo, koma vuto linali kachitseko kameneka, ndipo iye sankadziwa n'komwe kuti kalipo. Kuyambira tsiku limenelo ndimayambira pamenepo.

Makamera a USB ambiri amatsata muyezo umodzi wotchedwa UVC, choncho mukangowalumikiza amagwira pa masisitimu onse popanda china chowonjezera. Zimenezi zimapulumutsa anthu a Linux amene ali ndi malaputopu ena atsopano omwe kamera yake yam'kati sinayambe kugwira bwino pa Linux: kamera ya USB imathetsa nkhaniyo nthawi yomweyo.

4. Tsegulani zitseko ziwiri za chilolezo

Mavuto ambiri amene anthu amanamizira kusiyana kwa makompyuta amachokera pano. Kamera ndi maikolofoni zili kuseri kwa zitseko ziwiri. Choyamba ndi cha sisitimu, imene iyenera kulola bulawuza kapena pulogalamu kuti igwire kamera. Chachiwiri ndi cha bulawuza, imene iyenera kulola webusaitiyo. Chimodzi chikakhala chotseka, simuoneka, ngakhale chinacho chili chotsegula.

Pa Windows 11, pitani ku Settings, kenako Privacy & security, kenako Camera. Pa Windows 10 gawolo limangotchedwa Privacy. Yatsani Camera access, ndipo mutsikire m'munsi mpaka mupeze mzere wonena za desktop apps, muuyatsenso. Mzere wam'munsiwu ndi umene umakhudza Chrome, Firefox ndi Zoom, ndipo ambiri saufika. Bwererani m'mbuyo, muchite chimodzimodzi pa Microphone.

Pa Mac, dinani kachizindikiro ka Apple pakona yakumanzere, musankhe System Settings, kenako Privacy & Security, kenako Camera. Pa Mac yakale, ya macOS Ventura isanabwere mu 2022, dzina lake ndi System Preferences. Muona mndandanda wa mapulogalamu amene anapemphapo kamera. Yatsani bulawuza yanu kapena Zoom, ndipo muchitenso zomwezo pa Microphone. Pulogalamu imene sinapemphepo kamera sioneka pamndandandawu, ndiye ngati simukuipeza, yambani mwaitsegula n'kuyesa kuimba kuti ipemphe.

Pa Linux chitseko choyambachi nthawi zambiri chimakhala chotsegula kale. Chimene chimavuta kwambiri kumeneko ndi kusankha maikolofoni yoyenera. Pitani ku Settings, kenako Sound, muyang'ane pa Input, mulankhule, muone ngati kamzere kakugwedezeka.

Chitseko chachiwiri n'chofanana paliponse. Mukatsegula linki koyamba, bulawuza imafunsa ngati mukulola webusaitiyo kugwiritsa ntchito kamera ndi maikolofoni. Dinani Allow. Ngati munadina Block mwangozi tsiku lina, bulawuza imakumbukira ndipo sifunsanso. Dinani kachizindikiro kamene kali kumanzere kwa adiresi ya webusaiti pamwambapo, musinthe Camera ndi Microphone kuti zikhale zololedwa, kenako mutsegulenso tsambalo.

5. Pangani linki, muitumize, muyeserere

Pa Meet, pitani ku meet.google.com, dinani New meeting, musankhe Create a meeting for later, mukope linkiyo. Pa Jitsi, lembani dzina la chipinda, ndipo adiresi imene ili pamwamba pa bulawuza ndiye linki yanu. Pa Zoom, yambitsani msonkhano n'kupeza Copy invite link pansi pa Participants. Tumizani linkiyo mwachindunji kwa amene mukufuna, osati pamalo poti aliyense aione.

Ngati muli m'mayiko osiyana, lembani nthawi pamodzi ndi dzina la mzinda, monga "15:00 nthawi ya ku London", chifukwa mayiko ena amasuntha mawotchi awo ndi ola limodzi kawiri pachaka.

Ndiyeno chitani chinthu chimene anthu ambiri amachinyalanyaza: imbiranani kwa mphindi zisanu dzulo lake. Ngati kukumanako ndi kofunsidwa ntchito, koonana ndi dokotala kapena kophunzira, mphindi zisanuzi n'zamtengo wapatali. Ngati palibe woyeserera naye, Zoom ili ndi chipinda choyeseramo pa zoom.us/test, ndipo pa Meet kapena Jitsi mukhoza kulowa nokha pa kompyuta ndi pa foni nthawi imodzi, foniyo mutaizimitsa mawu.

6. Mawu ndi ofunika kuposa chithunzi

Anthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma mawu akamadukaduka kucheza kumathera pomwepo. Valani mahedifoni, ngakhale aja a waya obwera ndi foni. Chifukwa chake n'chakuti mawu a mnzanu akatuluka pa sipika yanu, amalowanso m'maikolofoni yanu n'kubwerera kwa iye. Apa pali chinthu chimene chimasokoneza ambiri: amene akudzimva mawu ake akubwerera si amene ali ndi vuto. Vuto lili kwa winayo, amene kwa iye zonse zikumveka bwinobwino. Choncho mnzanu akadandaula kuti akudzimva, ndinu woyenera kuchepetsa sipika kapena kuvala mahedifoni. Ndipo anthu awiri akalowa msonkhano umodzi atakhala m'chipinda chimodzi cha nyumba, mmodzi azimitse sipika ndi maikolofoni zonse, apo ayi pamveka kulira kobaya m'makutu.

Mahedifoni a Bluetooth ali ndi khalidwe lawo. Mukangoyamba kugwiritsa ntchito maikolofoni yake, amasinthira ku njira ina yotumizira mawu imene ndi yotsika, ndipo mawu amamveka ngati a foni yakale. Zimenezi zimachitika pa masisitimu onse. Mukafuna mawu abwino, sankhani mahedifoniwo kuti akhale omvera okha, maikolofoni ikhale ya laputopu. Kusankhaku kumachitikira m'kati mwa msonkhano, pa kamuvi kamene kali pafupi ndi chizindikiro cha maikolofoni.

Mabatani achidule amasiyana, ndiye samalani pouza mnzanu choti adine. Pa Meet, kuzimitsa maikolofoni ndi Ctrl ndi D pa Windows ndi Linux, koma pa Mac ndi Command ndi D. Pa Zoom ndi Alt ndi A pa Windows ndi Linux, pamene pa Mac ndi Command, Shift ndi A. Pa Jitsi ndi M yekha paliponse.

Za chithunzi, zokwanira ndi izi: kuwala kuchokere kutsogolo kwanu osati kumbuyo, ndipo kamera ikhale molingana ndi maso.

7. Kuonetsa sikirini

Pano ndi pamene masisitimu amasiyanadi. Pa Windows mumangodina batani loonetsera sikirini n'kusankha chimene mukufuna kuonetsa.

Pa Mac, kuyambira macOS Catalina ya 2019, pamafunika chilolezo china chapadera. Mu Privacy & Security momwemo, pezani gawo la Screen Recording, limene pa Mac zatsopano limatchedwa Screen & System Audio Recording, muyatse bulawuza kapena Zoom. Kenako muyenera kutseka pulogalamuyo n'kuitsegulanso, kutanthauza kuti mutuluka mu msonkhano. N'chifukwa chake zimenezi n'zochitiratu pa tsiku loyeserera lija, osati anthu akukudikirani.

Pa Linux pali njira ziwiri zimene kompyuta imajambulira zinthu pa sikirini, yakale yotchedwa X11 ndi yatsopano yotchedwa Wayland. Wayland salola pulogalamu kungoona sikirini yonse mwakufuna kwake, imayenera kupempha kudzera m'kazenera kapadera. Choncho mukadina batani loonetsera, pamatuluka zenera lachiwiri lochokera ku sisitimu, ndipo mukapanda kusankhamo, anzanu amangoona mdima. Mabulawuza atsopano amayenda bwino ndi zimenezi, ndiye ngati pulogalamu yoikidwa ikukanika, lowani msonkhano womwewo kudzera mu Chrome kapena Firefox. Pa Ubuntu 22.04 ndi 24.04 palinso njira ina: tulukani mu akaunti yanu, ndipo pa tsamba lolembera pasiwedi dinani kachizindikiro ka giya pakona yam'munsi, musankhe Ubuntu on Xorg.

Kaya muli pa sisitimu iti, onetsani zenera limodzi lokha m'malo mwa sikirini yonse. Mauthenga amene angakufikireni pa nthawiyo saoneka kwa anzanu. Ngati mukufuna kuti amvenso mawu a vidiyo imene mukuonetsa, njira yodalirika pa masisitimu onse ndi kuitsegula mu tabu ya Chrome kapena Edge, n'kuonetsa tabu imeneyo mutachonga kabokosi ka mawu.

8. Chithunzi chikamaima

Zoom imanena kuti anthu awiri amafunika liwiro la intaneti la pafupifupi 600 kbps mbali iliyonse kuti aonane bwino, ndipo pafupifupi 1.2 Mbps kuti chithunzi chifike pa 720p, mlingo wooneka bwino kwambiri wotchedwa HD. Mukawerengetsa zotumiza ndi zolandira pamodzi, ndi deta yopitirira pang'ono theka la gigabayiti pa ola pa mlingo woyambawo, ndi gigabayiti imodzi ndi kanthu pa wachiwiriwo. Si liwiro lalikulu ayi. Chimene chimaononga vidiyo kawirikawiri si kuchepa kwa liwiro koma kusakhazikika kwake, makamaka kumbali yotumiza. Choncho waya wa netiweki umaposa Wi-Fi, ndipo ngati waya palibe, sendererani pafupi ndi rauta. Imitsani zonse zimene zikutsitsa kapena kukweza mafayilo mwakachetechete, monga OneDrive pa Windows, iCloud pa Mac, ndi maapudeti a sisitimu.

Zikavutabe, tsitsani mlingo wa chithunzi. Pa Meet pitani ku Settings, kenako Video, muike Send resolution ndi Receive resolution pa 360p. Pa Zoom chotsani chichongo pa HD. Zikakanika zonsezi, zimitsani kamera mutsale ndi mawu, kenako muiyatsenso netiweki ikakhazikika.

Kuti mudziwe kumene kuli vuto, mukakhala atatu funsanani. Ngati onse akuona munthu mmodzi yekha akuima, vuto lili kwa iyeyo. Ngati inu mukuona onse akuima, lili kwa inu. Mukakhala awiri, aliyense alowe msonkhano womwewo pa foni yake pogwiritsa ntchito deta ya foniyo, mmodzi ndi mmodzi, ndipo muona mbali imene yasintha.

Pali vuto lina limene limaoneka modabwitsa: mwalowa bwinobwino, mayina a anzanu mukuwaona, mauthenga olemba akudutsa, koma mawu ndi chithunzi palibe. Zikatero kawirikawiri ndi netiweki imene yatseka njira. Vidiyo imakonda kuyenda pa njira yotchedwa UDP, imene manetiweki a m'maofesi, m'masukulu ndi m'mahotela ena amaitsekera, ndipo VPN, pulogalamu imene imadutsitsa intaneti yanu pa njira ina yobisika, nayonso ikhoza kuisokoneza. Ngati VPN ndi yanu, izimitseni muyesenso. Ngati ili pa kompyuta ya kuntchito, musaikhudze, kauzeni oyang'anira makompyuta dzina la pulogalamu imene mukufuna kugwiritsa ntchito, chifukwa Zoom, Meet ndi Teams onse anasindikiza mndandanda wa njira zoyenera kutsegulidwa. Podikira, lumikizani laputopu ku hotspot ya foni yanu, kutanthauza deta ya foniyo imene mwaigawa kudzera pa Wi-Fi. Vidiyo ikabwera nthawi yomweyo, mwadziwa kuti kompyuta yanu ndi ya mnzanu zilibe vuto, ndipo mukhoza kumaliza kukambirana kwanu pa hotspot yomweyo.